Nsomba Yaimuna Pamaso pa Apongozi

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anaphunzila za nsomba ku Lusaka. Anthu kwathu ku Luembe akandifunsa, ndinkangoti ali pantchito ya boma. Zoti ntchito yake ndi kusankha nsomba zoti zikwatilane kuti ana ake azikula msanga, sindinkazitchula. Ndine mkulu wa mpingo, ndipo mau otelo ankandilemela pakamwa.

Titakumba madamu a nsomba ndi anzanga a m'kalabu, iye anabwela ndi anzake awili a kuntchito. Ankayenda m'madamu a ku Nyimba ndi ku Petauke kufuna nsomba zokula bwino. Akaipeza, ankadula kachidutswa ka chipsepse n'kuika m'kabotolo. Ankati akakapima amadziwa chibadwa cha nsombayo, abale ake, ndiponso ngati ana ake adzapilila kuzizila kwa mu Juni.

Msonkhano unachitikila pa damu langa. Anabwela anthu ambili, osati a m'kalabu okha: abusa, azimayi a kumpingo, ndi apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Chikwatilile sindinakhalepo nawo mphasa imodzi. Tikakumana panjila, mmodzi amapatuka.

Mwanayo anavala thalauzi la mphila lofika m'chifuwa, nalowa m'madzi ndi ukonde. Thalauzilo lokha linandiwelamitsa mutu. Kenako anatulutsa nsomba, naitembenuza chagada.

"Sendelani muone," anatelo. "Iyi ndi yaikazi, mazila amatulukila apa. Iyi ndi yaimuna."

Anaifinya pamimba, timadzi toyela tinatuluka, ndipo anatchula dzina lake mosabisa. Azimayi anaphimba kukamwa ndi zitenje. Abusa anayang'ana kumitengo.

Iye anapitiliza ngati akunena za mbewu ya chimanga. "Nsomba zanu zikuchepa chifukwa zimakwatilana pachibale. Mlongo ndi mlongo wake, tate ndi mwana wake. Mbewu ikatelo imafooka."

Bambo wina wa ku Ndake, amene timagulitsila limodzi thonje, anandigunda ndi chigongono. "Akulu a mpingo, m'damu mwanu muli zoteloko, inu osaziitanila ku bwalo?"

Amuna anaseka. Inenso ndinaonetsa mano, koma nkhope inali itatentha. Sindinayang'ane kumene kunakhala apongozi, ngakhale ndinkadziwa bwino pamene anali.

Pamenepo mwana wanga anakweza nsomba ija. "Atate, bwelani mugwile iyi, muwaonetse anzanu mmene mungasiyanitsile."

Anthu anandipatsa njila. Ine ndinati ng'ombe zalowa m'dimba, ndipo ndinatembenuka n'kumapita. Ng'ombezo zinali kudambo, aliyense ankaziona. Ndinakakhala kuseli kwa nkhokwe mpaka anthu anabalalika.

Madzulo mwanayo anandipeza ndikumanga goli lomwe silinathyoke. Anagwada chapatali monga anaphunzitsidwila.

"Atate, ndinakuitanani."

"Ndinamva."

"Ndinalakwa?"

Ndinamuuza kuti zinthu zina sitinena pamaso pa ambuye ake, apongozi anga aja, ndiponso mwana wamkazi sazinena atate ake ali pomwepo.

"Ambuye ndiwo anafunsa mafunso ambili mutachoka," anatelo motsitsa mau. "Anagwila nsombayo ndi manja awo. Anzanga ankafuna damu la pafupi ndi mseu. Ndine ndinawakakamiza kuti tibwele kuno, aone damu la atate anga."

Ndinati goli ili likufuna chingwe china, ndipo iye anapita kukathandiza amayi ake. M'mawa mwake ananyamuka ndi anzake aja. Mmodzi wa iwo anandigwila chanza mwaulemu kwambili, ndipo ulemuwo unandipweteka kuposa kuseka kwa dzulo lake.

Mvula itatha, tiana ta nsomba ta mbewu yatsopano tinafika m'mapulasitiki a madzi. Tinakula bwino ndithu. Nthawi yosankha zoti zibeleke itakwana, ine ndekha m'kalabu yonse sindinkadziwa yaimuna ndi yaikazi. Anandiphunzitsa ndi mkazi wanga, tili awiliwili pa damu, ndipo sananene kanthu za tsiku lija.

Mwanayo amaimba foni Lamlungu tikaweluka. Ndi amayi ake amakamba za nsomba mpaka batile kutha. Foni ikafika kwa ine, amandifunsa za mvula ndi za mwendo wanga.