Wamkulu Ayambe Kudutsa

Seveni koloko m'mawa inawapeza agogo ali kale pachiwongolero, magalasi ali pamphuno. Pambali pawo panakhala mphunzitsi wa galimoto, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo womaliza.

Agogowa anayendetsa lole yonyamula mipando mpaka imvi mbuu. Atapuma ntchito anadzipangira lamulo lakuti pamphambano wamkulu ndiye ayambe kudutsa. Poti mumsewu simunkapezekanso wamkulu kuposa iwo, sankaimira munthu. Mpongozi wawo atamva zimenezi, ananenetsa kuti mdzukulu sakweranso galimoto yawo popita kusukulu mpaka agogo akaphunzirenso.

Atayandikira chikwangwani chofiira cholamula kuima pamphambano, kumanja kunatulukira mnyamata pa kagalimoto koyera.

"Imani, bambo!" anatero mphunzitsi.

"Ndiimire ameneyo? Ndevu alibe!"

"Chikwangwani sichiona imvi, bambo."

"Ndiye sichinaleredwe bwino."

"Chabwino, pitirirani. Mdzukulu wanu aziyenda wapansi."

Agogo anaponda buleki mpaka magalasi anagwera pamiyendo. Mnyamata uja anadutsa, n'kukweza dzanja kuthokoza.

"Waona, mwanawe? Wandipatsa moni. Kwawo kuli mwambo." Kuyambira pamenepo ankaima pamphambano iliyonse n'kumadikira moni wawo.

Tsiku lina pobwera kunyumba anapeza mpongozi uja, amene walemba nkhaniyi, akuyanika matewera.

"Amake mwana," anatero, "mukamalemba za ine, musati mnyamata uja anandigonjetsa. Mulembe kuti ndinachita kumulola. Ndipo mawa mum'konzekeretse msanga mwanayo, poti masiku ano ndikuchedwa ndi zoimaimazi."