Timu Yathu Iti, a Chidendene?

Anzanga, amene muli ndi tiyi m'manja ikani kaye pansi, mungatsamwe.

Ine ndimasoka nsapato pakhonde la sitolo, n'chifukwa chake amanditcha a Chidendene. Sukulu ndinangoiona denga. Koma za basiketibo, ndidzutseni kutulo, ndikuyankhani.

Loweruka lina masana tikuonera masewero pa TV ya kwa Ometa, kunalowa mayi wina, tepi yoyezera ili m'khosi. Anali telala watsopano wa kutsidya kwa msewu. Moni sanapereke, anangokuwa:

"Mpatseni Nsungwi mpirawo, ana opanda mwambo inu!"

Nsungwi ndi dzina limene tinam'patsa wosewera wamtali wa timu ya Ofiira, wamkulu pa onse, imvi mbuu kundevu.

Ndinatembenuka... mtima unanjanja ngati mpira wongopopa kumene.

"Mayi, nanunso ndinu a Ofiira?"

"Ine ndine wa Nsungwi, bambo. Sunthirani uko, mwatenga benchi yonse."

Mawu amenewo ndinawamva ndi khutu limodzi. Linalo linali bize ndi mtima.

Iwo wamasiye, ine wamasiye. Ndinawaikira zidendene zatsopano kunsapato zawo za kutchalitchi, iwo ananditembenuzira kolala ya malaya. Pambali pa makina awo panali kampando, kanasanduka kanga. Mwana wanga wamkazi mpaka anandinunkhiza.

"Adadi, perefyumu? Pa msinkhu wanuwu?"

"Ndi polishi wa nsapato, iwe!"

Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Mayi a Makina, inu mumasoka nsalu, ine zikopa. Bwanji tisoke banja?"

Anadula ulusi ndi mano, osandiyang'ana.

"Timu yathu ikalowa mapuleyofu, mudzabwere mutavala jekete. Ndidzakuyankhani zabwino."

Kwa amene simutsatira: mapuleyofu amalowa matimu eyiti apamwamba okha, ena onse kukagona. Ofiira tinali pa nambala naini. Ukwati wanga unatsala sitepe imodzi basi!

Ndiye nyengo ili pakati, mabwana a Ofiira anachita zawo. Anam'pereka Nsungwi ku timu ya Obiriwira, n'kutengako anyamata awiri othamanga ngati akuthawa njuchi.

Kwa Ometa kunali msonkhano. Ndinayala zitsekerero za mabotolo pabenchi, chimodzi masewero amodzi.

"Taonani kuno. Atsala masewero twente. Anyamatawa amaponya za mapointi atatu ali kutali uko. Tikawina khumi ndi awiri talowa. Obiriwira ali pa seveni, inde, koma atenga maondo olira ngati chitseko. Atsika amenewa."

Pakona panali a Mawotchi, okonza mawotchi, sapota wa Obiriwira. Munthu wolankhula kamodzi pa sabata.

"Nanga anyamata anuwo akaphonya, mpira autola ndani pansi pa basiketi?" anafunsa. "Wotchi yakale imachedwa mphindi ziwiri, a Chidendene, koma siima."

Anthu anaseka. Ine kundiseka pamaso pa mayi? Ndinaimirira.

"Tamverani! Chinthu chikakalamba umachisintha nyengo ili pakati, osadikira chikuthyokere m'manja. Wokalamba mmodzi, achinyamata awiri... ndani wamaso angakane?"

Makina a Ometa anazima.

Mayi a Makina anakonza duku lawo, kubisa tiimvi timene tinasuzumira pamwamba pa khutu.

"Ndamva, bambo," anatero, n'kutuluka.

Ine kumati avomereza mfundo! Mpaka ndinawatsinzinira a Mawotchi.

Masabata otsatirawo mayi anali otanganidwa. Ndikapita, kampando kanga ndimakapeza kataunjikidwa nsalu zobiriwira. Ndinkati ndi yunifolomu ya ana asukulu. Ine maso onse anali pa zitsekerero: tikawina ndimaponya chimodzi m'chitini, tikaluza ndimatukwana kochi.

Ndipo anzanga, ndinalondola! Masewero omaliza anyamata aja anawina ndi pointi imodzi. Ofiira nambala eyiti. Obiriwira nawonso analowa, pa sikisi, koma zimenezo sizinandikhudze.

M'mawa mwake jekete, perefyumu, nsapato zowala moti ntchentche imaterereka. Ndinawoloka msewu ngati mkwati.

Pakampando kanga panali a Mawotchi. Malaya obiriwira atsopano, msoko wake ndinauzindikira. Akuwalowetsera mayi ulusi pasingano, kagalasi kawo kali padiso.

"Mayi a Makina, timu yathu yalowa!"

"Timu yathu iti, a Chidendene?"

"Ofiira... si munati..."

"Tsiku loyamba lomwe ndinakuuzani kuti ndine wa Nsungwi. Inu mumakonda malaya, ine ndimakonda munthu. Kumene wapita, ndapita."

"Koma Obiriwira alowanso! Lonjezo ndi lonjezo!"

"Alowadi. Ndipo jekete yabwera kale." Analoza pamsomali. Inalipodi, yotuwa, yonunkha mafuta a mawotchi.

Ndinatembenukira kwa mayi.

"Ndiye mwandisiya chifukwa cha mpira?"

"Ayi, ndangotsatira malangizo anu. Chinthu chikakalamba umachisintha nyengo ili pakati."

"Mwandisintha ndi achinyamata awiri?"

"Mmodzi yekha, wamkulu kwa inu ndi zaka zitatu. Koma sadzandiika pamsika imvi zikachuluka."

A Mawotchi anachotsa kagalasi padiso.

"Pepani achimwene. Koma timu yanu ikusewera bwino."

Kulankhula kwawo kwa sabata imeneyo kunathera pamenepo.

Loweruka lino mapuleyofu akuyamba. Ndikhala kwa Ometa, benchi yonse yanga, palibe wondiuza kuti ndisunthe. Mwana wanga akuti perefyumu yotsalayo ndimupatse mwamuna wake.

Anzanga, mukamanyoza chokalamba, yambani mwayang'ana amene mwakhala naye pabenchi. Kenako mudziyang'ane pagalasi la Ometa. Ine ndinayang'ana mochedwa... ndili ndi zaka sevente-wani.