Matope a Nsomba za a Zakeyo

A Zakeyo a ku Chiwaridzo anapopa madzi pansi pa mgodi zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito anthu ankayesa kuti madzi awakola. Ayi ndithu. Mwana wawo Kudzanai popita ku Joni anawasungitsa tinsomba tisanu ndi tiwiri m'thanki ya galasi, ta michira yamawangamawanga, tosakwana ndi chala chomwe. Mkulu wathunthu n'kumayamba walonjera nsomba asanalonjere akazi ake.

Chaka chino anapeza thanki yokulirapo. Tsiku losamutsa nsomba linakumana ndi tsiku limene mipopi inatulutsa madzi, patatha masabata awiri ili gwa. Iwo ali kalikiliki kudzaza migolo kuseri, akazi awo mayi Agnes, amene mapoto awo ungadziyang'anirepo nkhope, anati awathandize. Timiyala ta m'thanki anatikwecha, siponji ya m'sefa yoyeretsera madzi a nsomba anaichapa mpaka mbee, madzi akale n'kuthirira ndiwo kudimba, thanki yatsopano n'kudzaza a pampopi.

Kutacha, nsomba zinali pamwamba kukamwa yasa, ziwiri zitayandama chagada. A Zakeyo chisoni chinawagwira, manyazinso. Akamuuza chiyani mwana? Kuyambira tsikulo Kudzanai akaimba, foni ankangoiyang'ana mpaka idule yokha. Koma akazi awo sanawakalipire. Anafotokozera akazi awo kuti m'litsiro la siponji muja mumakhala tizilombo tosaoneka todya zonyansa za nsomba, ndipo mankhwala a m'madzi a pampopi amatipha.

"Ndiye ndalakwa kuyeretsa, baba vaKudzi?" anafunsa mayi Agnes, kuwatchula bambo a Kudzanai monga amatchulira kumeneko.

"Mwayeretsa bwino zedi, mayi. Vuto lake ndi lomwelo."

Anakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kupita m'tauni kwa a Umali, mnzawo wosoka zovala amene nayenso amaweta nsomba, kukapempha chinthu chimodzi chokha: matope ofinya m'siponji yawo, okhala ndi tizilombo tija. Pobwera, azimayi pampopi anaseka mpaka kugwirana mapewa, ati sekuru, agogo athuwa, azungulira mutu, ena akulimbirana madzi oyera iwo afukatira chigubu cha matope ngati khanda.

Matopewo anawathira m'sefa. Madzi a pampopi ankayamba awagoneka m'ndowa tsiku lathunthu kuti mankhwala auluke, n'kumasintha chidebe chimodzi chokha m'mawa uliwonse. Chakudya anachepetsa, ngakhale tinsombato tinkawatsatira m'galasi momvetsa chisoni. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga, nsomba ina inafanso, koma tsiku lachisanu ndi chitatu anayera okha.

Patapita masabata atatu, mayi Agnes akupukuta galasi kunja kwake, poti m'kati anali atalumbira kuti sadzagwiramonso, anaona tizinyalala tikuyendayenda pakona. Anaitana amuna awo. A Zakeyo anavala mandala n'kuwerama. Tizinyalalato tinali ndi maso: tiana ta nsomba! Anawerenga kufika khumi ndi tinayi, n'kusokoneza, n'kuyambiranso, akuseka misozi ili m'masaya.

"Ndipatsireni foni ija, mayi. Lero ndimuimbira ndine."