Edita Woluka Tsitsi ndi Chitsime cha a Miti

Edita Sakala amaluka tsitsi ku Nabvutika, m'kachipinda kopaka penti wobiriwira kamene kali kuseri kwa ogulitsa makala. Oluka tsitsi m'komboni imeneyi ndi ambiri, ena manja awo ndi achangu kuposa ake, koma azimayi amalolera kukhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka kuti awaluke iyeyo. Edita akagwira mutu wa munthu amayambanso nkhani, ndipo nkhani zakezo amazitenga m'mabuku.

Anabadwira ku Kasenengwa, m'banja la alimi a thonje ndi mtedza. Sukulu anailekezera giredi 9, chaka chimene thonje linagwa mtengo. Akatekisiti a kwawo ndi amene anamupezera ntchito m'tauni ya Chipata, kunyumba kwa mayi Ireen Jere, mphunzitsi wopuma pantchito amene maso anali atayamba kuchita khungu. Ntchito inali yophika ndi kusesa, koma patangopita masiku ochepa mayi Jere anamuitana pakhonde n'kumupatsa buku lonunkha mphemvu kuti awawerengere.

Chingerezi cha Edita chinali chopunthwapunthwa. Mayi Jere ankamuwongolera mawu mosakalipa, ndipo mutu uliwonse ukatha ankamuuza kuti atseke bukulo, afotokoze zimene wawerengazo m'Chinyanja ngati akuuza amayi ake kumudzi. Apa m'pamene Edita anatulukira luso lake. Anaona kuti anthu a m'mabukuwo akawasiya kwawo kutsidya kwa nyanja sakoma, choncho ankawasamutsa. Mwini minda wa chipewa chachitali ankasanduka mlimi wa ng'ombe zambiri, ngolo ya akavalo inkakhala ya ng'ombe, ndipo mtsikana wokana mwamuna amene makolo amusankhira ankathawira kwa azakhali ake ku Katete. Mayi Jere ankaseka mpaka misozi, n'kumati olemba mabukuwo akanamva akanamusumira.

Mayiwa atatengedwa ndi mwana wawo kupita ku Ndola, anamusiyira katoni ya mabuku. Edita anakwatiwa ndi woyendetsa lole, koma banja silinakhalitse: mwamunayo anafa pangozi ya pamsewu, n'kumusiya ndi mwana wamkazi, Chisomo. Kuti adye, anaphunzira kuluka kwa anzake a m'komboni, nayamba kulukira anthu pansi pa mtengo wa mango asanapeze kachipinda kaja.

Nkhani zinalowa m'ntchitoyi mosakonzekera. Tsiku lina anamubweretsera kamtsikana kamene kankalira kakangoona chipeso. Mayi wake anakagwira miyendo, koma kankangophiriphitha. Edita anayamba kukauza za mwana wina amene anatsekera kamtambo m'botolo n'kumakaweta ngati nkhuku, kuti kazithirira maluwa a amayi ake okha. Kamtsikana kaja kanati zii, kukamwa yasa, mpaka mizere yonse inatha. Mayi wake polipira anafunsa ngati kamtamboko kanadzathawa.

Kuyambira pamenepo Edita anadziwa kuti mutu uliwonse uli ndi buku lake. Ana aang'ono ankawapatsa za zidole zolankhula ndi ana osochera m'mizinda ya pansi pa nthaka. Atsikana a kusekondale, amene ankabwera sukulu ikatsala pang'ono kutsegulidwa, ankafuna za anzawo a kuboding'i, za kukondana mobisa ndi kudana kwa mabwenzi, ndipo ankakangana mokweza kuti mnyamata woyenera ndi uti ngati kuti amudziwa. Panalinso mabuku a zinjoka zamapiko zolavula moto ndi mafumu a mayiko amene kulibe. Amenewa anamubweretsera mavuto pang'ono. Mayi wina wa gulu la mapemphero ananyamuka mutu uli theka, akuti sangakhale pamalo pamene akutamanda ufiti. M'mawa mwake anabwerera kuti amumalizitse, ndipo ali chiweramire anafunsa motsitsa mawu ngati chinjoka chija anachipha. Azimayi aakulu ankakonda mabuku akale, a mayi Jere aja, momwe anthu amasungirana mkwiyo zaka zambiri chifukwa cha malo ndi chuma chamasiye. Ankati amenewo ndiwo amanena zoona.

Mabuku ena ankawagula kwa bambo wina woyala pansi pafupi ndi msika, ena Chisomo atakula ankabwereka kwa anzake. Edita ankawerenga m'mamawa madzi a tiyi ali pamoto, mutu umodzi kapena iwiri, n'kukaifotokoza tsiku lomwelo. Nthawi zambiri nayenso sankadziwa kumene nkhani ikupita.

Chaka china, nthawi yotentha, anayamba buku lonenepa la mapepala ofiirira. Linali la munthu wina wolemera amene anamanga mpanda kuzinga chitsime chimene mudzi wonse unkatungapo, n'kuikapo agalu. Dzina lake linali lopinda lilime, ndiye Edita monga mwa chizolowezi anangotola limene linabwera m'mutu. Anamutcha Andireya Miti wa ku Madzimoyo. Ku Madzimoyo anali asanatsikeko n'komwe, ankangokuona pawindo la basi.

Nkhaniyi inagwira anthu kuposa zonse. Azimayi ankapita nayo kunyumba, n'kuuza anzawo pampopi, anzawowo n'kuuza ena pamsika. Amene anaimva kwa Edita ankadziwa kuti ndi ya m'buku, koma mawu oti buku anatsalira panjira. Inakwera minibasi, inakafika ku Madzimoyo.

Kumeneko kunali a Andireya Miti enieni, bambo wofatsa amene mkazi wawo anamwalira kale, mlimi wa tomato ndi repu. Padimba pawo panali chitsime chimene anthu a m'mudzi ankatungapo mwaulere. Tsoka lake, mwezi womwewo anali atachizinga ndi mpanda wa nsungwi chifukwa cha mbuzi, n'kusiya kachitseko kongokankha. A m'mudzi mwawo ankangoseka, koma akutali anakhulupirira. Azimayi ena ooda tomato m'tauni anayamba kuwadutsa osawapatsa moni. Kenako mlongo wawo anaimba foni akulira, kufunsa kuti agaluwo anawagula liti ndipo mtima woterewu anautenga kwa yani. A Miti anafunsa uyu, nafunsa uyo, mpaka mchira wa nkhaniyo unawafikitsa ku Nabvutika.

Linali Lachisanu m'mawa, benchi litadzaza. Edita anaona bambo wamtali, woonda, akutsamiritsa njinga ya makireti pakhoma. Anali atavala jekete ngakhale kunkatentha, chipewa chili m'manja.

"Odi kuno. Ndikufuna mayi amene akuti amandidziwa bwino," anatero bamboyo.

"Ndinu ndani, bambo?" Edita anafunsa.

"Ndine Andireya Miti wa ku Madzimoyo."

Chipeso chinagwa m'manja mwa Edita. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi khomo anasuntha botolo lake la madzi n'kulibisa kuseri kwa mwendo.

Edita analakalaka nthaka itang'ambika. Anagwada, napepesa, nafotokoza kuti dzinalo anangolipeka ndipo sankadziwa kuti lili ndi mwini wake. Kenako anatulutsa bukulo m'chikwama kuti aone okha. A Miti analitembenuza uku ndi uku. Pachikuto panali chithunzi cha mzungu wa mimba yaikulu ndi ndevu za m'masaya. Analiyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kunena kuti mimbayo yokha ikanawapulumutsa iwo, anthu akanaiona. Azimayi aja anaphulika kuseka, ndipo Edita mtima unayamba kutsika.

Iye analonjeza kuti asintha dzinalo tsiku lomwelo. A Miti anakana. Anati akalisintha pakati anthu aziti iwo amupatsa ndalama kuti abise. Chimene ankafuna n'chakuti nthawi iliyonse poyamba nkhaniyo azinena kuti ndi ya m'buku, ndiponso kuti chitsime cha Miti weniweni n'chotsegula. Atatero anafunsa kuti munthu wa m'bukuyo anathera pati. Edita anavomera kuti sakudziwa, chifukwa nayenso anali asanafike kumapeto.

"Ndiye pitirizani, mayi," anatero a Miti. "Ndimve zimene ndachita."

Popeza mwamuna sakhala m'saluni ya azimayi, anatsitsa kireti imodzi panjinga n'kukhala panja pafupi ndi khomo. Tsiku limenelo Edita mizere ina anachita kumasula n'kulukanso.

A Miti anabweranso Lachiwiri atasiya tomato kumsika, ndipo Lachisanu linalo anabweranso. Sanali womvera mwakachetechete. Azimayi akamatukwana munthu wa m'bukuyo, iwo ankasuzumira pakhomo n'kunena kuti munthu satseka madzi popanda chimene chinamulasa, adikire amve. Azimayi ankawayankha kuti akudziikira kumbuyo. Mkangano umenewu unakoma kwambiri moti ena ankabwera tsitsi lili lolukaluka, kudzangokhala. Edita, amene poyamba ankaopa masiku awiriwa, anayamba kusunga mitu yokoma kuti idzagwe pa Lachiwiri kapena Lachisanu.

Ndipo a Miti analondola. Chakumapeto bukulo linaulula kuti mwana yekhayo wa munthu uja anagwera m'chitsimemo anthu a m'mudzi ali pomwepo, otanganidwa ndi miseche, osaona. Edita anawerenga mutu umenewo m'mawa mpaka madzi a tiyi anaphwera pamoto. Pofotokoza, azimayi omwe aja amene ankafuna munthuyo atafa imfa yowawa ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. A Miti tsiku limenelo anangokhala pakireti, akuzunguza chipewa m'manja. Pamutu womaliza, chilala chitavuta, munthu uja anatenga nkhwangwa n'kugwetsa mpandawo ndi manja ake, mudzi wonse ukuonerera.

"Ndachedwa, koma ndafika," anatero a Miti, akudzuka pakireti.

Asanachoke anaitana onse kuti akaone chitsime chenicheni. Loweruka lotsatira azimayi a ku Nabvutika anadzaza minibasi, ena ana kumsana, ulendo wa ku Madzimoyo. Anapeza kachitseko ka nsungwi kali pululu, atsikana a m'mudzi akutunga, galu mmodzi yekha wokalamba atagona pamthunzi osafuna n'kudzutsa mutu komwe. Anamwa madzi, anadya chimanga chootcha cha kudimba, ndipo anabwerako ndi tomato m'zitenje. Nkhani yatsopanoyi nayonso inayenda, ndipo ooda tomato aja anabwerera kwa a Miti ndi anzawo ena.

Buku linatha, koma njinga ya makireti sinasiye kutsamira khoma lija. A Miti ankati akufuna kumva nkhani ya chinjoka chamapiko imene Edita anali atayamba. Chinjoka chitafa, anakhalabe mpaka pa nkhani ya atsikana a kuboding'i, n'kumapereka maganizo awo pa za mnyamata woyenera. Chisomo ndiye anayamba kuona. Anauza amayi ake kuti sanaonepo bambo wa imvi wokonda nkhani za ana a sukulu chonchi, ndiponso kuti masiku amenewa amayi akewo ankavala ndolo Lachiwiri ndi Lachisanu pokha. Edita anamuthamangitsa ndi chipeso, koma mawuwo sanawatsutse.

A Miti analankhula mvula yoyamba itagwa. Anadikira kasitomala womaliza atuluke, naima pakhomo chipewa chili m'manja monga tsiku loyamba. Anati iwo mabuku sadziwa, ndiye sangathe kunena mokometsera monga amanenera anthu a m'menemo, koma nyumba yawo yakhala chete nthawi yaitali ndipo akufuna kutumiza ankhoswe ku Kasenengwa. Edita, amene pakamwa pake sipasowa mawu, anangoyang'ana pansi n'kumatola tizidutswa ta tsitsi la meshi. Kenako anawauza dzina la malume ake ndi mudzi umene amakhala.

Ukwati unachitikira kutchalitchi cha kwawo kwa Edita anthu atakolola. Mitu ya akazi ambiri amene analipo inali yoluka iye yemwe, ndipo wansembe polalikira ananena kuti aka kanali koyamba kudalitsa ukwati umene unayamba ndi kuipitsirana mbiri.

Lero Edita amakhala ku Madzimoyo, koma saluni sanaisiye. Amabwera m'tauni pakati pa sabata, ndipo masiku enawo amasiyira Chisomo, amene manja ake ndi achangu koma nkhani amaithamangitsa. A Miti akagulitsa tomato amadutsira kwa woyala mabuku uja, n'kusankha poyang'ana chikuto ndi kulemera kwake. Nthawi zina amabweretsa buku la masamu, Edita n'kuwabweza nalo.

Chimene chinasintha n'chakuti tsopano dzina lililonse limayamba ladutsa kwa iwo, popeza amadziwa anthu kuyambira ku Madzimoyo mpaka ku Kasenengwa. Posachedwapa Edita anali ndi mfiti yaikazi ya m'buku la zinjoka imene inkafunika dzina. Ali kudimba akuthyola repu anatchula loyamba, a Miti n'kuti ameneyo alipo, amaimba kwaya. Anatchula lachiwiri, iwo n'kuti amenewo ndi apongozi a munthu wokonda milandu. Atatchula lachitatu, a Miti anaganiza nthawi yaitali, khasu lili paphewa, n'kunena kuti ameneyo samudziwa, komabe adikire kaye afunse Lamlungu kutchalitchi. Mfitiyo inakhala sabata yonse ikutchedwa mayi uje, ndipo azimayi a ku Nabvutika analikonda dzinalo moti anakana kuti lisinthidwe.