Mpiringidzo wa mfuti ya ababa

Mfuti ya ababa inali yakale kuposa iwo eni ake. Inapangidwira nkhondo ya azungu, ndipo nkhondoyo itatha inadutsa m'manja ambiri mpaka kufika kwathu, kunsi kwa phiri la Michesi. Ababa anaigula kwa kapitawo wina wa kuminda ya tiyi, n'kukailembetsa kupolisi. Poti inkalemera pokwera phiri, anapita nayo kwa mmisiri wa matabwa amene anadula thabwa lonse lakutsogolo, mpope n'kutsala pamtunda. Kachitsulo komangirapo mpeni wa asilikali anakachotsanso. Ankati iwo alibe mlandu ndi munthu, mlandu wawo uli ndi nguluwe zofukula chinangwa ndi anyani othyola chimanga.

Mfutiyo inali ndi mpiringidzo, kachitsulo kokoka ngati ka pachitseko. Umakweza, kukokera kumbuyo, khoko la chipolopolo n'kudumpha, kenako kukankhanso. Kachitsuloko ukakachotsa, mfuti imasanduka ndodo. Amayi anazindikira zimenezi msanga, ndipo anaika lamulo lakuti mfuti ndi ya ababa koma mpiringidzo ndi wawo. Pamudzi pajatu panali pa amayi, ababa anali mkamwini, ndiye akanatsutsa chiyani? Amayi ankaukulunga m'kansanza ka mafuta n'kuukwirira m'thumba la nandolo. Munthu amene anyani amulowera m'munda ankapempha ababa, ababa n'kukapempha amayi. Amayi akamva kafungo ka kachasu, kapena akaona kuti ababa apsetsana mtima ndi wina, ankangoti aiwala thumba lake. Ababa akaumirira, ankawakana m'Chilomwe kuti anafe tisamve zonse. Anthu ankaseka kuti mlenje wa m'mudzi mwathu ndi amayi, ababa ndi wonyamula katundu, ndipo ababawo ankaseka nawo.

Amayi atamwalira, mpiringidzo unagwera ine, popeza ndine mwana wamkazi amene ndinatsala pamalopo. Ndinali kale ndi ana atatu, koma ntchito imeneyi inandikulira. Maso a ababa anali atayamba ng'ala. Iwo ankakana kwamtuwagalu, koma tsiku lina ndinawapeza akupatsa moni mtengo wa papaya, chipewa chili m'manja. Kumtunda kwa minda yathu n'kumene amayi a m'mudzi amatola nkhuni ataweramira m'tchire, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina ababa adzapha munthu. Kuwauza ndinkaopanso. Munthu amene wakhala zaka zonsezo pamudzi wa eni, ulemu wake unali mfutiyo, ndipo ine sindinkafuna kukhala wowalanda.

Ndiye ndinayamba kunama. Anthu akabwera kudzadandaula za anyani, ndinkati ndaiwala thumba, mwina ndinkati mpiringidzo wachita dzimbiri ndipo ndauviika m'mafuta. Mabodza anga anali osapsa. Ababa ankangopukusa mutu n'kunena kuti sindinatengere amayi anga, iwo aja ankanama mwaluso.

M'mawa wina, nthawi ya chimanga chachiwisi, ababa anandiitana n'kundiuza kuti nditenge mpiringidzo ndiwaperekeze kumunda. Sikunali kupempha. Ndinaufukula m'nandolo muja, tinanyamuka, mame akutinyowetsa miyendo. Titafika pamalire a munda anaima, n'kulandira mpiringidzo, n'kuulowetsa osayang'ana n'komwe. Zipolopolo anazitulutsa m'thumba la malaya n'kundipatsa ine kuti ndigwire. Kenako analoza ndi chibwano pathanthwe lina kumtunda.

"Nyani wakhala apoyo wamuona?"

Ndinayang'ana. Anali mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, wovala chitenje chofiirira, atanyonyomala akumanga mtolo wa nkhuni. Bodza linali litanditopetsa.

"Ababa, si nyani. Ndi munthu, akumanga nkhuni."

Ababa analozetsa mfuti pansi. Mayi uja anasenza mtolo wake, n'kutsika, n'kutipatsa moni podutsa, ndipo ababa anamuyankha bwinobwino mpaka kumufunsa za ana kunyumba. Mayiyo atapita, ababa anandiuza kuti ankadziwa kale kuti maso atha, kungoti ankafuna munthu woona bwino awauze pamaso, osati kuwanyengerera ngati khanda. Amene analira ndine, osati iwo. Anandinena kuti ndikulira ngati kuti anyaniwo ndi abale anga.

Sabata yotsatira tinakwera njinga za kabaza kupita kupolisi kukapereka mfuti ija. Ababa anavala jekete lawo la kutchalitchi, mfuti ataikulunga m'chiguduli. Wapolisi amene anatilandira anali wozolowera mfuti zamakono. Anaitembenuza uku ndi uku kufunafuna pochotsera mpiringidzo, koma osapapeza. Ababa anatambasula manja, n'kupapasa pang'ono, ndipo nthawi yomweyo mpiringidzo unali m'dzanja lawo. Anamuonetsa wapolisiyo kawiri konse, n'kumulangiza kuti aziithira mafuta nthawi ya mvula chifukwa imadana ndi chinyezi. Iye anavomera mwaulemu, ngakhale tonse atatu tinkadziwa kuti ikukagona m'chipinda chokiya. Ndinawakonda kwambiri ababa nthawi imeneyo, ndipo ndinawamvera chisoni.

Titatuluka, dzuwa linawathobwa m'maso. Chibadwire changa ndinali ndisanayendepo patsogolo pa ababa, choncho ndinaima pambali kudikira kuti ayambe ndi iwo. Sanasunthe. Anasakasaka phewa langa ndi dzanja mpaka analipeza.

"Tsogola, mayi. Uzindiuza pamene pali dzenje."