Tsiku Limene Ndinavinira Giyabokosi

Amuna anga anayendetsa malole a fodya kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka dazi litafika pankhongo, ndipo amafuna aliyense adziwe zimenezi, ngakhale munthu wongobwera kudzapala moto. Amati kuchokera ku maesiteti a kumalire a Kasungu mpaka ku okushoni, kumsika wa fodya, palibe chitunda chomwe sanachikwere ndi katundu. Chimene sanena n'chakuti bondo lawo lamanzere linathera pa kilatchi. Litatupa kachitatu, adokotala a pa Mzimba Boma anati basi, mwendo umenewo upume.

Ana athu ndiwo anatigulira kavani kotuwa, kotomatiki, kakaunjika kochokera ku Japan. Mwana wathu wachisamba, wamwamuna, anakabweretsa yekha kuchokera ku Lilongwe. Madala anakazungulira kawiri, n'kusuzumira pansi pa chiwongolero.

"Zopondera ziwiri mbwenu? Kilatchi ili kuti?"

"Makilatchi ali m'kati, adada, awiri. Amadziponda okha."

"Ndiye mwagulira amama anu," anatero, n'kukakhala pakhonde.

Koma kiyi anatenga ndi iwo. Anamumangirira kachingwe n'kumayenda naye m'thumba la malaya, ngakhale popita kukasamba.

Vuto linali mwendo uja. Adokotala anauuza kuti upume, koma iwo sunamve. Tsiku lina tikudutsa pamsika, injini itangokweza mawu, mwendo unanyamuka wokha kukasaka kilatchi, n'kupeza buleki. Mayo ine! Ndinapsompsona dashibodi, ndipo mazira amene ndinanyamula pamiyendo anafika kunyumba ali okazinga kale, kungosowa mchere. Madala anati galimotoyo ndi yamisala. Ulendo wina, pa kachitunda ka kufupi ndi chipatala, anachotsa phazi pabuleki mwaulemu, kavani n'kubwerera m'mbuyo pang'ono monga kamachitira, n'kugunda tayala la wakabaza. Munthu sanavulale, koma nkhani inafika ku Lilongwe ife tisanafike kunyumba.

Mwana wachisamba uja anaimba foni, ndipo anailankhula poyera. "Adada, ukwati wa mlongo wanga ukubwera. Mwati mkwatibwi mumunyamula nokha, chabwino. Koma pakachitikanso kanthu, kiyi apite kwa amama. Mpaka kalekale."

Madala anangogwira thumba la malaya. Ine ndinamva chisoni, ndisaname. Munthu ameneyu ukamulanda chiwongolero, chotsala n'chiyani? Wailesi ndi mpando wa pakhonde.

Chonsecho ine kavaniko ndinali nditakadziwa kale khalidwe lake. Ndine mphunzitsi wopuma, laisensi ndinatenga mochedwa, ndipo Lachitatu lililonse madala amandibwereka kiyi, nkhope ili gwaa, kuti ndipite kukaona dimba lathu njira ya ku Edingeni. Tsiku lina ndinatsekeredwa kumbuyo kwa ngolo ya ng'ombe pamsewu wopapatiza, ndikukwawa pang'onopang'ono, phazi lili pakati pa kupita ndi kuima. Kavani kanayamba kunjenjemera, kenako kulira pii pii pii, ndipo pa dashibodi panatuluka zilembo za Chijapani zonga mapazi a nkhuku. Nditapita nako kwa makanika wa pa Boma, anandiseka.

"Amama, iyi si otomatiki ija ya mafuta yomwe imalola chilichonse. Muli makilatchi enieni umu. Mukamakwawa, amakhulana mpaka kutentha, ndiye kompyuta imawamasula kuti asapse. Galimoto iyi imafuna chimodzi: pitani kapena imani. Ikalira, ikani pa P, injini isazime, dikirani izizire."

Ndinakawafotokozera madala madzulo ake. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ine ndiphunzitsidwe giya ndi munthu woyendetsa choko?"

Ndinapsa mtima, ndipo ndinalumbira kuti sindidzawauzanso kanthu. Apse nayo okha galimoto yawoyo.

Ukwati unachitikira kumudzi kwawo kwa madala, kupitirira Manyamula. Kuchoka kutchalitchi kufika pamudzi si patali, koma njira yake ndi yokwera yokhayokha, yamchenga. Ndipo kumeneko mkwatibwi sathamangitsidwa. Azimayi a pamudzi amatsogola akuimba ndi kuvina, kuyala zitenje pansi, kuzitola, kukaziyalanso kutsogolo, galimoto ikutsatira pa liwiro la nkhalamba yopita kumaliro. Nditangoona chitundacho, ndinakumbukira ngolo ija ya ng'ombe.

Kavani tinakakongoletsa ndi maliboni. Kumbuyo kunakhala mwana wathu wamkazi, chitsirizira, ndi mwamuna wake. Ine ndinali kutsogolo pambali pa madala, amene anavala suti ndi magolovesi oyera, sindikudziwa anawatenga kuti. Mwana wachisamba uja ankatitsatira pa galimoto yake, maso ali pa ife.

Madala anachita zomwe woyendetsa lole aliyense amanyadira. Anaigwira galimoto pachitunda ndi mafuta okha, osaponda buleki, kuisuntha chala chimodzi, kuigwiranso. Pa lole amati balansi, ndipo ankamwetulira. Ine ndinaluma mlomo, pakuti ndinalumbira. Tisanafike ndi pakati pomwe, kunjenjemera kunayamba. Kenako kafungo ka chinthu chopserera. Kenako pii pii pii, ndi mapazi a nkhuku aja. Madala anaponda mafuta, injini inangolira, matayala osasuntha, ndipo kavani kanayamba kutsetserekera m'mbuyo. Anaponda buleki ndi miyendo yonse iwiri.

Ndinawayang'ana. Thukuta linali kutsikira m'kolala, ndipo dzanja lawo limodzi linapita pa kiyi, osati kuti azimitse, kungomugwira. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo akuchita mantha pachiwongolero.

"Adada, chavuta n'chiyani?" anafunsa mkwatibwi kumbuyoko.

"Palibe," ndinayankha ine. Kenako ndinanong'oneza madala, "Ikani pa P. Kokani handibuleki. Musazimitse. Musagwire kanthu mpaka kulira kusiye, ndipo musayende ndisanakukodoleni."

Pagalasi ndinaona chitseko cha galimoto ya mwana wathu chikutseguka.

Apa ndiyenera kuulula kanthu. Ine ndine wa ku Dedza, ndipo chikwatiwire ku Mzimba, azilamu anga akhala akundiseka kuti ndimavina ngati ndikupha nyerere. Nyimbo zawo zimandipita pambali, Chitumbuka changa n'chopindika mpaka lero. Pa maukwati onse ndimakhala kuseri, kumaphika. Koma tsikulo ndinatsika, ndinavula nsapato zazitali zija n'kuziponya patchire, ndinalanda lichero la ufa kwa mayi wina n'kudzithira kumutu, monga amachitira make mwana chimwemwe chikamupitirira. Ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kuwawa, n'kudzigwetsa m'fumbi patsogolo penipeni pa bampala.

"Galimoto iyi sidutsa!" ndinakuwa. "Mwana wanga wotsiriza sapita ndisanamuvinire!"

Eee, azimayi aja anabwerera onse ngati aitanidwa. "Amama ŵa ku Dedza ŵavina! Zaninge muwone!" Anandizungulira, ng'oma inasendera pafupi, mlamu wanga wamkulu akuseka mpaka kugwira nthiti. Mwana wachisamba uja anafika pa zenera la bambo ake, koma ndinamukoka jekete n'kumuponya m'bwalo, ndipo azakhali ake sanamulole kutuluka.

Ndinavina, abale. Ndinavina za kwathu, ndinavina za kwawo, ndinavina zina zomwe sizinavinidwepo chilengedwere dziko. Khutu limodzi linali kung'oma, lina ku kavani. Nyimbo ikatha ndinkayambitsa ina, mawu olakwika, iwo n'kumandikonza akuseka. Mlamu uja anandigwira mkono, "Ndapota, mulamu, pumulani, mufwenge!" Ine ayi. Ufa ndi thukuta zinapanga phala kumaso, dilesi la ukwati lomwe ndinasoketsa ku Mzuzu linasanduka chiguduli.

Nyimbo yachisanu ili pakati, ndinaona magolovesi oyera akukwezedwa pang'ono kuseri kwa galasi. Kulira kunali kutasiya.

"Tiyeni tikawalandirire pamudzi!" ndinakuwa, n'kuyamba kuthamanga chitunda, opanda nsapato. Azimayi ananditsatira ndi zitenje zawo, njira n'kuyera. Nditafika pa mtengo wa mango wa pakhomo ndinatembenuka n'kukodola. Kavani kananyamuka bwinobwino, giya yoyamba, yachiwiri, osatsokomola, n'kudzaima pa zitenje ndendende, hutala ikulira. Madala anatsika, anatsegulira mwana wawo chitseko, n'kumugwira dzanja. Anthu anaombera m'manja dalaivala.

Mwana wachisamba anandipeza kuseri ndikutsuka kumaso. "Amama, galimoto ija sinavute pachitunda paja?"

"Wovuta ndinali ine. Ukanafuna bambo ako andiponde?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchoka akupukusa mutu. Za kiyi sanazitchulenso.

Masiku atatu otsatira sindinathe kutsika pabedi popanda kugwira khoma. Madala ankandibweretsera madzi otentha ndi mankhwala awo opaka bondo, osanena kanthu za chitunda chija, ine osanenanso. Anangoti, "Mwavina zonyansa chomene, amama. Mudzi wonse ukukamba."

Tsiku lachinayi m'mawa ndinamva injini ikulira panja. Ndinatuluka ndikutsimphina. Anali atakhala pachiwongolero, chitseko cha mbali yanga chili chotsegula, ndipo mwendo wamanzere anali ataupinda kutali ndi zopondera, n'kuumangirira ku mpando ndi lamba wa thalauza.

"Tikupita kuti?"

"Ku bwalo la mpira. Kuli kachitunda kuseri kwake." Anayang'ana kutsogolo, osati kwa ine, n'kukonza kukhosi. "Aphunzitsi, tiyambira pati?"