Phazi Linavotera Babatoni

Aneba anga kuno ku Zemba ndi mkulu wa mpingo, koma mkangano wa oimba besi saulambalala. Anyamata akasonkhana pagolosale ndi makaseti awo, uyu kutama a ku Zaire, uyo a ku Lusaka, iwo amatsamiritsa njinga, kumvetsera mpaka nyimbo ithe, n'kupukusa mutu.

"Ayesetsa, koma simunamumve Lonia."

Lonia ndi mwana wawo wamkazi. Amaimba babatoni, besi yopanga pamudzi, ndipo chikopa chake n'cha ng'ombe yawo yolimira imene inafa.

Chaka chatha akulu anzawo awiri anafika pakhomo, a Whiteson ali patsogolo. Anati mtsikana kukhalira babatoni motangadza n'zochititsa manyazi mpingo. Amuletse, apo ayi atule udindo.

Aneba sanatsutse. Anangoitana mwana. "Lonia, alendowa akuweruza chinthu chimene sanachimve."

Lonia anawamba chikopa pamoto n'kukoka chingwe. Nkhuku zinabalalika. Posakhalitsa phazi la a Whiteson linayamba kumenya pansi lokha, fumbi koboo!

Aneba analiloza. "Abale, ine ndilibe mawu. Phazi ili lavota kale."

Udindo uja akadali nawo mpaka lero.